Mwala Umene Munkayanikapo Mfutso

Amayi, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ndayamba ndi moni chifukwa munatilera kuti munthu usamamugwetsere mlandu asanakhale pansi. Koma ndisakunamizeni, mlandu ndili nawo, ndipo ndi wa inuyo. Ndiyamba ndi nkhani za kumudzi kuti mtima utsike kaye, kenako tikambirana.

Kwa Fabiano, mwana wanu wamwamuna yekhayo, kwabadwa mwana wamkazi. Mlamu wanga Aginesi anachira bwinobwino, ndipo mwanayo amutcha dzina lanu, Veronika. Ndinakamuona ku Nkaya kumene Fabiano ali pa chikamwini. Chipumi ndi chanu ndithu, palibe angatsutse. Akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope ngati mmene munkachitira mukamalawa ndiwo zophika munthu wina. Sitima ikamadutsa sadzidzimuka n'komwe, amangoyamwa.

Chimanga chaka chino chatinyoza. Mvula inadula chitangomasula ngayaye, ndipo zimene tinakolola sizikanadzaza n'theka lomwe la nkhokwe yanu. Nandolo ndiye watichotsa manyazi. Amayi aang'ono a Rozina, mng'ono wanu, ndi amene akusamala mundawo poti ine ntchito yandimanga ku Liwonde, ndipo akuusamala ngati wawo. Mbuzi yanu ya khutu long'ambika ija inaswa mapasa, koma khalidwe lake silinasinthe, ikulowabe m'dimba la aphunzitsi akale aja ngati kwa apongozi ake. Nkhani yoipa ndi ya nyumba. Mvula ya mphepo inagwetsa khoma la kuchipinda kwanu, ndiye tinaona kuti kuli bwino tingochotsa malata nyumba yonse isanagwere munthu. Malatawo ali kwa a Rozina. Pamene panali khonde lanu pamera bonongwe, ndipo akumuthyola ndi anthu odutsa.

Ine ndikuphunzitsabe sayansi kusekondale komwe kuja. Liwonde akutentha monga mwa masiku onse, choko chimachita kumata m'manja. Thupi lili bwino. Mtima ndi umene suli bwino, ndipo tsopano ndafika pa nkhani imene ndakhalira pansi.

Nyumba itagwa sindinalire kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti malo anu enieni sanali m'nyumba. Malo anu anali pa mwala uja wa pakamtunda kuseri kwa munda, woyererako, wosalala pamwamba, waukulu kuposa mphasa. Pamenepo ndi pamene ndimakuonani ndikatseka maso: mwawerama, mukumwaza nkhwani wofutsa, chitambe, therere, nthawi zina ufa. Munkati mwalawo umagwira dzuwa kuposa malata, ndiwo zikauma pamenepo sizichita nkhungu. Anthu ootcha laimu anamaliza miyala yoyera yonse ya m'minda ya anzathu kuchokera ku Utale mpaka kumtunda, n'kutsala wanu wokha. Ankabwera chaka ndi chaka, mawu okoma ali pakamwa, nyundo zili pa njinga. Yankho lanu silinkasintha: "Mukauotcha, ndiwo zanga ndiziyanika pamitu panupo?" Ankachoka akuseka, koma ankachoka.

Kenako kunabwera mayi uja wa ku Zomba wophunzira za miyala, chilimwe chanu chomaliza, ine ndili kumudzi pa holide. Dzina lake munalikana kuti likukuvutani, munangomutcha Namiyala, ndipo iye anavomera. Ootcha laimu omwewo ndi amene anamulozera kwathu. Anafika atavala nsapato za amuna, n'kukugwadirani moni mwaulemu, kenako n'kukagwadiranso mwala. Anathira madzi m'mbali mwake, pamene panabenthuka kalekale, ndipo tinaona mizere yopyapyala yosanjikizana ngati mkati mwa anyezi. Mizere imeneyo ndinaiona kuyambira ndili mwana, ndinkaikanda ndi msomali podikira kuti ndiwo ziume, koma sindinadzifunsepo kuti inabwera bwanji.

Namiyala anatifotokozera atakhala pa mwala pomwepo, inu muli pa mpando wanu wa ndalema chifukwa miyendo inali itayamba kale kukana. Anati kalekale, anthu asanafike dziko lino, pamalo pamenepo pankatuluka madzi otentha ochokera pansi pa nthaka, ngati kasupe wa kufupi ndi Shire ku Liwonde. M'madzi oterowo mumakhala tizamoyo ting'onoting'ono tobiriwira, tooneka ngati ndere, timene timadya kuwala kwa dzuwa n'kumatulutsa mpweya umene timapumawu. Madziwo amatuluka atasenza laimu wosungunuka, ndipo akamazizira laimuyo amatsalira pa tizamoyoto n'kutikwirira. Tina timameranso pamwamba pake kufuna dzuwa, laimu n'kutikwiriranso, basi choncho mpaka mwala kukula. Kasupeyo anauma, mwala n'kutsala, tizamoyo tija tili mkati mwake titasanduka mwala natonso.

Munamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pa tsaya. Kenako munati, "Ndiye mukuti zaka zonsezi ine ndakhala ndikuyanika ndiwo zanga pa ndere?" Namiyala atavomera, munaseka mpaka kutsokomola. "N'chifukwa chake mfutso wanga umakoma kuposa wa Rozina." Atapempha kuti abenthuleko kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu, munamuuza kuti, "Tengani, koma musazolowere."

Patapita milungu ingapo anatumiza zithunzi pa foni yanga. Kachidutswa kaja anakapala mpaka kupyapyala koti kuwala n'kumadutsa, n'kukaika pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Ndinakwera minibasi Loweruka lomwelo kudzakuonetsani. Pa chithunzipo panali timaulusi tambirimbiri, topyapyala kuposa tsitsi la khanda, tina tolumikizana ngati mikanda, tonse titaima chilili kuloza mbali imodzi. Munaigwira foniyo nthawi yaitali, mukuiyandikitsa ndi kuitalikitsa. Munati, "Taona, tonse tayasamira kumwamba ngati tiana ta mbalame." Ine m'kalasi ndayesa kufotokoza zimenezi m'njira zambiri, koma sindinapeze mawu oposa anuwo.

Namiyala atabweranso, anatiuza zimene zinkamudetsa nkhawa. Anati malo ena onse amene anayenda m'dera lathu anapeza maenje okhaokha ndi phulusa, miyala inapita kale mu uvuni. Wanuwo ndi umene unatsala wathunthu, mizere yake yonse ilipo kuyambira pansi mpaka pamwamba, moti munthu angawerengepo mbiri ya kasupeyo kuyambira pamene anayamba mpaka pamene anauma. Anapempha kuti tiusunge mpaka adzapeze njira yobwerera ndi ophunzira ake ndi zida zokwanira. Ndipo inu, Amayi, inuyo ndi pakamwa panu, pamaso pa mlendo, a Rozina ali pomwepo akusenda nandolo, munati, "Musade nkhawa. Munda uno ndi wa Filomena, mwala ndi wa Filomena. Ine ndikapita, palibe adzaukhudze." Mawu amenewa sindikuwonjezera kapena kuchotsera.

Mukudziwa mmene ndinakondwera. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana za zamoyo zakale zosanduka miyala ndi buku la zithunzi za kumayiko ena, ana n'kumandiyang'ana ngati ndikuwauza nthano. Tsopano chinthucho chinali kuseri kwa munda wa mayi anga. Ndinapita ndi Namiyala kukaona kasupe wamoyo ku Liwonde kuja, madzi akufuka nthunzi masana dzuwa likuswa mtengo, m'mbali mwake muli ndere zoterera zobiriwira, zina zachikasu, zikukhala mosangalala pamene ine sindikanatha kuviika chala. Ndinakutungirani madziwo m'chigubu poti anthu amati amathandiza miyendo. Pofika kumudzi anali atazizira, ndipo inu munagwedeza chigubucho n'kunena kuti, "Madzi ako otentha ndi amenewa? Ndikoleze moto ndiwatenthetse?" Ana a sukulu ndinawalonjeza kuti chaka chotsatira tidzaona kasupeyo m'mawa, kenako tidzapita kwathu ku Utale kukaona mmene kasupe amaonekera akafa. Ahedi a sukulu yathu anavomera. Inu ndinakuuzani zonsezi muli pa mphasa, ndipo munati, "Udzawaphikire tiyi anawo, asadzanene kuti kwa aphunzitsi awo n'koumira."

Munatisiya mvula ili mkati. Chiliza tinamanga titakolola, cha simenti, chopanda matailosi monga munanenera kuti simukufuna kugona m'bafa. Chinatsala chotuwa choncho podikira mwezi wa Novembala, mwezi wopempherera akufa, pamene mabanja onse a tchalitchi chathu amakalambula kumanda ndi kuyeretsa ziliza ansembe asanabwere kudzadalitsa. Ine ndinagula chitini cha penti woyera ku Balaka, ndinachikumbatira pa njinga yamoto njira yonse ya fumbi ija, chogwirira chake chikundicheka dzanja.

Nditafika kumanda ndinapeza chiliza chanu chayera kale. Amayi, chinayera zosati masewera. Pakati pa manda onse aja maso ankangothamangira pa inu. Fabiano anali ataima pambali, manja ake ali oyera ndi ong'ambikang'ambika, burashi ya udzu ili mu ndowa. Azimayi a m'bungwe lanu la kutchalitchi ankamuyamikira kuti Veronika anasiya mwana wamwamuna. Nanenso ndinamugwira dzanja, ndinati, "Achimwene, mwandichotsa manyazi, zikomo." Ndinamufunsa kumene anagula laimu wabwino chonchi masiku ano. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Tikambirana, achemwali, anthu achoke kaye." Ine osadziwa kanthu ndinaganiza kuti mwina watenga pa ngongole.

Titamaliza kulambula ndinapita kumunda ndekha, monga ndinkachitira ulendo uliwonse chigwereni nyumba, kukakhala pa mwala n'kumakuuzani nkhani. Ndinadutsa m'mapesi a nandolo, ndinakwera kamtunda kaja, ndipo ndinaganiza kuti ndasochera m'munda umene ndinabadwiramo. Panalibe mwala. Panali dzenje, ngati pamene azula dzino. Pambali pake panali uvuni wokumba pansi, wakuda ndi mwaye, zitsa za tsanya zopsa theka zili mbwee. Dothi lonse linali loyera pamene anathira madzi pa miyala yootchayo kuti isungunuke. Ndinagwada n'kumafukula ndi manja kufuna ngakhale kachidutswa kamodzi kokhala ndi mizere. Chilichonse chimene ndinatola chinkangofumbutuka m'manja. Moto sunasiye kanthu.

Mmene ndinkadzuka, Fabiano anali atafika kumbuyo kwanga. Zimene ndinamuuza sindingazilembe zonse, mungandikane kuti si ine mwana wanu. Ndinati, "Iwe mkamwini wa ku Nkaya, munda uno uli nawo chiyani? Kwa akazi ako kulibe miyala yoti uziphwanya? Sunamve amayi akunena kuti mwalawu ndi wanga?" Iye anangoima, chipewa chili m'manja. Nditapuma anati, "Iyayi achemwali, musanditukwane. Ine ndangochita zimene anandituma amayi." Pamenepo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinati, "Waphwanya mwala, tsopano ukufuna kunamizira akufa poti sangayankhe?"

A Rozina anamva phokosolo ali kunyumba, anabwera akuthamanga chitenje chili m'manja. Anandigwira pa phewa n'kundikhazika pansi pa dothi loyeralo. Anati, "Filomena, mwanawe, usamulakwire mlongo wako. Ine ndinalipo." Anandiuza kuti linali tsiku lija mutagonekedwa kuchipatala, pamene ine ndinabwerera ku Liwonde kukayang'anira mayeso. Akuti munamuitana Fabiano pafupi ndi bedi n'kumuuza kuti, "Ine ndikapita, penti wa m'sitolo ayi, amanunkha palafini. Ukaotche mwala wanga uja, undipake umenewo, ndauzolowera. Koma Filomena asamve mpaka utamaliza. Ameneyo ndi wailesi yopanda pozimitsira, ine mpweya wokangana naye ndilibe."

Amayi, ndinafuna kuti likhale bodza. Ndinawayang'ana a Rozina kumaso kufuna kuona ngati agwirizana ndi Fabiano kuti amuteteze. Koma mawu amenewo Fabiano sangawapeke, a Rozina sangawapeke. Ndi anu kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndinachita kumva ndi liwu lanu lomwe. Ndinakhala pamenepo m'mphepete mwa dzenjelo, diresi langa la kutchalitchi litayera laimu, ndikulira ngati maliro ayambiranso.

Ndiye ndikufunseni. Munaganiza liti zimenezi? Tsiku limene munkalonjeza Namiyala, munali mukudziwa kale? Nanga pamene munkandiuza za tiyi wa ana a sukulu? Mayeso atatha ndinabwerera kuchipatala kuja. Ndinakusambitsani, ndinakutembenuzani, ndinakupakani mafuta kumsana. Tinkacheza za mbuzi, za mitengo ya feteleza, za amene wakwatiwa ndi amene wathawidwa. Masiku onsewo munkandiyang'ana m'maso nkhaniyi muli nayo m'mimba. Munaiuza mwana wanu wamwamuna, munaiuza mng'ono wanu, ine amene munandipatsa mwalawo pamaso pa anthu ndi amene munandibisira. Mwandipweteka, Amayi. Palibe munthu wamoyo amene anandipwetekapo chonchi.

Ndiponso taonani zimene mwamuchita Fabiano. Wayenda ndi katundu ameneyu chaka chonse osauza munthu. Waphwanya mwala uja yekha ndi nyundo yobwereka, poopa kuti akaitana aganyu nkhani indipeza. Wadula nkhuni yekha, wasonkhezera uvuni yekha mpaka nsidze kupserera, mkazi wake ali ndi khanda ku Nkaya. Malipiro ake n'kukhala kutukwanidwa ndi mlongo wake pa munda wa mayi ake. Chibadwire sitinayambanepo chonchi. Ndinapita ku Nkaya sabata yotsatira kukapepesa, anandilandira bwino, Aginesi anapha nkhuku. Koma akamalankhula nane tsopano amayamba wayeza mawu, ndipo zimenezo kale kunalibe.

Namiyala ndinamuimbira foni nditabwerera ku Liwonde. Ndinazungulirazungulira mpaka anandifunsa yekha ngati mwalawo uli bwino. Ndinamuuza zonse. Kenako anati, "Pepani aphunzitsi. Unali wa mayi anu." Sanandidzudzule, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandikalipira. Akuti kachidutswa kaja kalipo, anakamata pa kagalasi, kali m'kabati ku Zomba. Za kasupe yense uja, za zaka zosawerengeka zija, chatsala ndi chimenecho, chinthu choti chingabisike pansi pa chikhadabo. Ana a sukulu ndinawauza kuti ulendo wa ku Utale walephereka. Atafunsa chifukwa, ndinati mwalawo unawonongeka. Sindinathe kuwauza kuti uli pa manda a mayi anga.

Musaganize kuti sindikumva mbali yanu. Ndakhala ndikuitembenuza nkhaniyi masabata onsewa. Mwalawo unali wanu ine ndisanabadwe. Munaukaniza ootcha laimu zaka zonse zija osati chifukwa cha ndere za Namiyala, koma chifukwa unali mnzanu wa pa ntchito. Mwina mutagona pa bedi la chipatala lija, pakati pa anthu achilendo, munaopa kukagona kumanda popanda chanu chilichonse. Zimenezo ndikuzimva, ndine mwana wanu. Mukanandiuza, ndikanakangana nanu, inde. Ndikanalankhula mpaka anamwino kunditulutsa. Ndikanapempha kuti tidule mbali imodzi tisiye inayo, kapena tidikire Namiyala abwere kaye adzajambule ndi kuyeza. Mwina mukanavomera, mwina mukanakana. Koma mukanakana, mukanandiyang'ana n'kunena kuti, "Filomena, ndikuufuna mwala wanga," Amayi, nkhuni za uvuni umenewo ndikanasenza ine pamutu panga. Simunandipatse mpata woti ndikupatseni. Munachita kundilanda chinthu chimene ndikanakupatsani ndi manja awiri.

Ansembe anabwera, anadalitsa manda onse, pa chiliza chanu anaima pang'ono n'kuyamikira kuyera kwake. Ine ndinayankha mapemphero ndi pakamwa pokha. Mvula yoyamba yagwa sabata yatha, ndipo a Rozina akuti laimu wayamba kale kutsikira m'dothi m'mbali mwa chiliza, monga amachitira laimu. Pofika chaka chamawa padzafunika kupakanso. Fabiano akuti mwalawo unatulutsa laimu wambiri, wotsalayo anamuika m'matumba, ali pa nsanja kwa a Rozina pamene sipadontha. Akuti akwanira zaka zingapo.

Ndamuuza kuti matumba amenewo asawakhudzenso. Lonjezo langa ndi limeneli, Amayi: Novembala aliyense, mpaka laimuyo adzathe, wopaka chiliza chanu ndidzakhala ine. Ndidzamusungunula ndekha, ndidzapaka ndi manja anga, ngodya zonse, bwinobwino monga munkafunira. Koma ndidzapaka ndikulankhula. Zonse zimene munathawa kumva kuchipatala kuja mudzazimva pamenepo, kuyambira m'mawa mpaka ndowa iume, ndipo ulendo uno sipadzakhala mayeso ondibwezera ku Liwonde.

Ndimakukondani, ngakhale ndakwiya nanu.

Ndine mwana wanu,
Filomena